Galimoto yoyamba isakhale yaliwiro

Masiku ano si zachilendo kuona mnyamata wa zaka 22 kapena 25 ali ndi ndalama zogulira galimoto. Wina wakhala ku Joni zaka zitatu akusunga pang'onopang'ono, wina soya ndi mtedza zamuyendera bwino, wina ali ndi shopu ya mafoni pamsika, winanso wayamba ntchito ndipo banki yamulola kutenga ngongole. Izi n'zonyaditsa ndipo mwana wotero ayenera kuyamikiridwa.

Mkangano umabuka ikafika nthawi yosankha galimotoyo. Bambo akuti Corolla, mayi akuti Sienta poti imanyamula anthu ndi katundu yemwe, koma mwini ndalama mtima wake uli pa Subaru Impreza ya turbo, Toyota Altezza, Mark X, Golf GTI kapena BMW. Akufuna galimoto yoti ikalira pa siteji anthu atembenuke, ndipo anzake akuthira mafuta pamoto kuti Vitz ndi ya amayi apamsika.

Ine maganizo anga ndi akuti galimoto yaliwiro isakhale yoyamba. Sindikunena kuti galimoto zoterezi n'zoipa. Ambiri timazisirira ndipo adazipanga mwaluso. Koma zimafuna dalaivala wokhwima, msewu wabwino ndi thumba lozama, ndipo mnyamata amene wangotenga kumene laisensi kawirikawiri sakhala nazo zitatuzi nthawi imodzi.

Mphamvu zimasiyana kwambiri

Tiyambe ndi zomwe zili pansi pa boneti. Mphamvu za injini amaziyeza ndi muyeso wotchedwa horsepower. Toyota Vitz ya injini ya 1000cc ili ndi pafupifupi 70. Altezza ya mtundu wa RS200 ya giya yamanja ili ndi 210. Subaru Impreza WRX STI ya ku Japan ya zaka za m'ma 2000 ili ndi 280, kutanthauza kuti mphamvu zake n'zofanana ndi ma Vitz anayi, pomwe kulemera kwake sikufika ngakhale pa ma Vitz awiri.

Kusiyana kumeneku kumaonekera paphazi. Wa Vitz akaponda moto mopitirira muyeso, galimoto imayamba yalira kaye, liwiro n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo amakhala ndi mpata wozindikira kuti walakwitsa. Subaru ija imachoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 5 kapena 6 okha. Woyendetsa watsopano asanamalize kudabwa, wafika kale pomwe pali ngolo ya ng'ombe.

Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo. Ukalowa pakona mothamanga zimafuna kupita molunjika, ndipo ukachotsa phazi pamoto nthawi zambiri zimabwerera m'njira. Altezza, Mark X ndi ma BMW ambiri zimakankha ndi matayala akumbuyo. Ukaponda moto kwambiri pakona ponyowa kapena pamchenga, mbuyo mwa galimoto mumatsetsereka n'kufuna kupita kutsogolo. Kuti uiwongole pamafunika manja ozolowera, ndipo zomwe munthu wamantha amachita, monga kuponda mabuleki mwamphamvu kapena kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, n'zomwe zimaigubuduza.

Liwiro lili ndi masamu ake

Anyamata ambiri amaganiza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikizanso kawiri. Zoona zake n'zakuti mtunda womwe galimoto imayenda kuchokera pomwe waponda mabuleki umawirikiza kanayi.

Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda mamita 17 pa sekondi iliyonse. Pa 120 imayenda mamita 33. Munthu watcheru amataya pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pomwe waona choopsa kufika pomwe phazi lagunda mabuleki. Kenako pa phula louma, ndi matayala abwino, wa 60 amafuna mamita 20 ena kuti aime, pomwe wa 120 amafuna pafupifupi mamita 80. Tikaphatikiza, wa 60 waima asanakwane mamita 40, koma wa 120 wadutsa mamita 110, womwe ndi mtunda woposa utali wa bwalo la mpira wamiyendo. Kukagwa mvula kapena matayala akakhala osalala, mtundawo umatalikirapo.

Nanga phindu la kuthamangako n'lotani? Pa ulendo wa makilomita 60, woyenda pa 80 amatenga mphindi 45, woyenda pa 120 amatenga mphindi 30. Wapulumutsa mphindi 15 zokha, koma akaomba chinthu amachiomba ndi mphamvu yoposa kawiri ya mnzake uja. Paja akulu adati kuthamanga sikufika.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization, mu lipoti lake la chaka cha 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29 kuposa matenda ena alionse. Tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya anthu ambiri, ngakhale kuti chili ndi galimoto zochepa kusiyana ndi zigawo zina. Bungweli limanenanso kuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti afa chimakula koposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa liwiro la 50.

Misewu yathu ndi ya tonse

Galimoto zaliwirozi adazipangira maiko omwe ali ndi misewu ikuluikulu yotchingidwa ndi mipanda, momwe simuyenda njinga, mbuzi kapena mwana wa sukulu. Msewu wathu wa M1 ndi wosiyana. Umadutsa pakati pa msika ku Lunzu, ku Lizulu, ku Chimbiya, ku Mponela ndi ku Jenda. M'mbali mwake muli amayi ogulitsa tomato ndi kachewere, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, minibasi yoima paliponse pomwe yaona munthu, ndi ana odumpha msewu popita ku sukulu. Usiku mumayenda njinga zopanda magetsi, ndipo lole yowonongeka imatha kuima pamsewu chizindikiro chake chili nthambi za mtengo.

Awa ndi anthu athu. Mayi wogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu sadafunsidwe maganizo pomwe mnyamata amasankha galimoto, koma ngozi ikachitika iye ndiye amayamba kuvulala. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mawu oti ndalama ndi zake, asankhe zomwe akufuna. Ndalama ndi zakedi, koma msewu akuyendamowo akugawana ndi anthu ambirimbiri omwe alibe chitsulo chowatchinga.

Onjezanipo makona a ku Chiweta, mapiri a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, maenje omwe amabadwa dzinja lililonse ndi phula lodyeka m'mbali. Komanso ngozi ikachitikira kutali ndi tauni, wovulala amanyamulidwa pa galimoto iliyonse yomwe yapezeka, kupita naye ku chipatala cha boma chapafupi, ndipo akathyoka kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba kapena Mzuzu. Maola amatha panjira, ndipo ena amatsirizikira momwemo.

Laisensi ndi chiyambi chabe

Sukulu yoyendetsa galimoto imaphunzitsa kusintha magiya, kubwerera m'mbuyo, kuimika galimoto ndi kuwerenga zikwangwani. Zonsezi n'zofunika. Koma pali luso lina lomwe limabwera ndi makilomita okha, lomwe ndi kuona ngozi isanachitike.

Dalaivala wakale akaona mpira ukugubuduzika kulowa mumsewu, phazi lake lili kale pa mabuleki chifukwa akudziwa kuti kumbuyo kwa mpira kukubwera mwana. Akaona minibasi yaima, amadziwa kuti wina atulukira kutsogolo kwake. Akaona wakabaza akucheuka, amadziwa kuti akhota osakweza mkono. Akaona mbuzi imodzi yawoloka, amayembekezera zinzake. Watsopano amaziona zonsezi mochedwa, pakuti maganizo ake akadali pa giya ndi chiwongolero. Munthu woona mochedwa amafunika galimoto yomupatsa nthawi, ndipo yaliwiro imamulanda nthawi yochepa yomwe anali nayo.

Chinanso ndi anzake. Mnyamata akakhala yekha amatha kuyendetsa mofatsa, koma mukakhala anzake anayi, nyimbo zili pamwamba, ulendo uli wa kunyanja ku Salima kapena Mangochi Loweruka madzulo, nkhani imasintha. Wina amayamba: "Aise, imeneyi imafika pati? Taiponde tione." Galimoto za ku Japan zambiri geji yake ya liwiro imalekera pa 180, ndipo nambala imeneyo imasanduka chiyeso. Mukaonjezapo mowa ndi mdima, zotsatira zake timaziwerenga m'nyuzi Lolemba.

Ngakhale akatswiri sadayambire pamwamba. Lewis Hamilton, yemwe wapambana kasanu ndi kawiri mpikisano wa dziko lonse wa Formula One, adayamba ali ndi zaka 8 pa tigalimoto ting'onoting'ono ta mpikisano wa ana, ndipo adafika mu Formula One mu 2007 atakwera masitepe ambiri. Nayonso imfa ya Paul Walker, katswiri wa mafilimu a Fast and Furious omwe anyamata athu adaonera m'nyumba za vidiyo, ili ndi phunziro. Iye adafa pa 30 Novembala 2013 ku California, atakwera Porsche Carrera GT yomwe ankayendetsa mnzake Roger Rodas, munthu wozolowera mipikisano ya galimoto. Ofufuza adapeza kuti galimotoyo inkathamanga pafupifupi kawiri liwiro lololedwa pamalopo, komanso matayala ake anali akale. Ngati liwiro lidagonjetsa munthu wodziwa choncho pamsewu wabwino wa ku America, nanga mwana wathu wa laisensi ya miyezi itatu pa msewu wa Kasungu?

Mtengo weniweni umabwera pambuyo

Tiyeni tikambe za thumba, poti mabanja ambiri apa ndi pomwe amalira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba, galimoto zaliwiro zomwe mnyamata angazikwanitse kugula ndi zakale. Toyota idasiya kupanga Altezza mu 2005 ndipo Mark X idalekeka mu 2019. Zikutanthauza kuti Altezza iliyonse yomwe mukuiona yadutsa zaka 20 kapena ili pamenepo. Ndipo amene adaigula poyamba, ndi wachiwiri, ndi wachitatu, ambiri adaigulira liwiro lomwelo. Mtengo wake ukaoneka wotsika modabwitsa, dzifunseni chomwe mwini wake akuthawa.

Chachiwiri ndi msonkho. Bungwe la Malawi Revenue Authority powerengera msonkho wa galimoto yolowa m'dziko limayang'ana kukula kwa injini ndi zaka zake. Ambiri amasangalala ndi mtengo womwe auona pa intaneti, n'kudzakomoka galimoto itafika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam.

Chachitatu ndi mafuta. Tiyerekeze kuti galimoto yaing'ono ikuyenda makilomita 15 pa lita imodzi, yaliwiro ikuyenda 8. Pa makilomita 1,000 pamwezi, yoyamba idya malita 67, yachiwiri 125. Kusiyana kwa malita 58 mwezi ndi mwezi ndi ndalama yoti ikadagula feteleza kapena kulipira fizi ya mng'ono wake. Ndipo tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya mu 2011 ndi 2012, komanso ya zaka za 2022 mpaka 2024. Zina mwa galimotozi adazipangiranso petulo wapamwamba yemwe ku Japan amagulitsidwa payekha.

Chachinayi ndi zipangizo. Sipeya ya Corolla kapena Vitz mumaipeza ku Ndirande, ku Limbe, kwa Biwi, ngakhale m'mashopu a pa boma, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa injini yake ngati chikhatho chake. Turbo ikafa, kapena kompyuta ya BMW ikasokonezeka, sipeya imachita kuitanitsidwa ku Joni, Dubai kapena Japan. Zotere zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idakwera nthawi yomweyo. Injini ya turbo imafunanso oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake. Ukangochedwa kapena kuthira wachinyengo, injini yonse yapita.

Matayala nawo ndi nkhani. Galimoto zaliwiro zimavala matayala otakata koma opyapyala m'mbali, omwe ndi okwera mtengo ndipo sachedwa kuphulika kapena kupinda limu akagwera m'dzenje. Subaru yokoka ndi matayala onse anayi imafuna kuti onsewo akhale ofanana, kotero kugula limodzi lakaunjika sikuthandiza. Ndalama zikachepa mnyamata amayamba kuvala matayala osalala pa galimoto ya mphamvu 280, chomwe ndi choopsa kuposa china chilichonse chomwe tatchulachi.

Pomaliza, galimotozi n'zotsika kwambiri. Pa hampu iliyonse mimba imakhula pansi, ndipo dzinja likafika msewu wa kumudzi kwa agogo sizifikako. Tsiku lomwe mayi adwala usiku kumudzi, kapena pakufunika kunyamula matumba atatu a chimanga, galimoto yomwe idadya ndalama zonse ija imakhala ili pa miyala kuseri kwa nyumba kudikira sipeya.

Zomwe otsutsa amanena

Anyamata ali ndi mfundo zawo ndipo zina n'zomveka. Amati galimoto yaliwiro ili ndi mabuleki amphamvu, imagwira msewu bwino, ndipo imadutsa lole mwachangu osachedwa ku mbali ya galimoto zobwera. Izi n'zoona galimotoyo ikakhala yosamalidwa bwino. Vuto ndi lakuti kugwira msewu kumeneko kumanyenga. Mu Vitz ukafika pa 110 galimoto imayamba kunjenjemera ndipo thupi limakuuza kuti chepetsa. Mu Mark X pa 140 mumakhala phee ngati uli pa sofa. Chenjezo limabwera mochedwa, pa liwiro loti kulakwitsa kamodzi n'kokwanira.

Amatinso chimapha ndi dalaivala, galimoto ilibe mlandu, ndipo wopusa angafe ngakhale mu Mira. Izinso n'zoona. Galimoto yaing'ono siyisandutsa munthu kukhala wanzeru. Koma dalaivala aliyense watsopano amalakwitsa, wofatsa ndi wopupuluma yemwe. Funso n'lakuti kulakwitsako kudzamupeza pa liwiro lanji. Wina amatuluka ndi bampala yophwanyika ndi manyazi, wina satulukamo.

Ena amati ndigule yomwe ndimaifuna kamodzi n'kamodzi m'malo motaya ndalama kawiri. Koma galimoto yoyamba ndi yomwe imakalika pa geti, kugunda chitsa ndi kupsa kilatchi. Kuphunzirira pa galimoto yodula kukonza ndiko kutaya ndalama kwenikweni. Komanso Corolla kapena Sienta yosamalidwa siyivuta kugulitsa, pomwe ogula Subaru ya turbo yakale ndi ochepa ndipo amadziwa kunenerera.

Maiko ena adaikapo malamulo

Nkhaniyi si ya makolo a ku Malawi okha. Ku Australia, m'zigawo za Victoria ndi New South Wales, madalaivala atsopano saloledwa kuyendetsa galimoto yomwe mphamvu zake zikuposa makilowati 130 pa tani iliyonse ya kulemera kwake. Subaru WRX STI ija imagwa m'gulu loletsedwalo. Ku Italy, kuyambira mu Disembala 2024, wongotenga laisensi amakhala zaka zitatu asakuloledwa kuyendetsa galimoto yoposa makilowati 105, malire omwe Altezza RS200 ndi Mark X zimawadumpha. Ku Britain, dalaivala akapeza mapointi 6 a milandu yapamsewu m'zaka ziwiri zoyamba, laisensi imalandidwa ndipo amakayambiranso mayeso.

Maiko amenewa ali ndi misewu yabwino, ma ambulansi ofika msanga ndi zipatala zokwanira, komabe adaona kuti mphamvu zambiri m'manja mwa wophunzira n'zoopsa. Aphungu athu ndi nthambi ya boma yoona zapamsewu angachite bwino kuiganizira nkhaniyi. Koma banja lisadikire Nyumba ya Malamulo kuti liteteze mwana wake.

Tsono agule yotani?

Kukana yaliwiro sikutanthauza kumugulira mwana chiphakasa. Galimoto yoyamba ikhale ya injini yapakati pa 1000cc ndi 1500cc, monga Vitz, Corolla, Honda Fit, Mazda Demio kapena Sienta, yomwe masipeya ake ndi osasowa. Ikhale ndi malamba ogwira ntchito pa mipando yonse, ma airbag ndi mabuleki a ABS. Ikapezeka yokhala ndi makina othandiza kuti isatsetsereke pakona, omwe a Toyota amawatcha VSC, ndiye bwino koposa. Musanalipire, pitani ndi makaniko wanu wodalirika, osati wa wogulitsa, ndipo mapepala ake akatsimikizidwe ku Road Traffic.

Ndalama zotsala zipite ku matayala anayi atsopano ndi inshuwalansi. Kumbukirani kuti inshuwalansi yomwe lamulo limakakamiza ndi yolipira anthu ena omwe mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, ndipo ili ndi malire ake. Galimoto yanu siyikonzedwa ndi imeneyo. Ndipo kupha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala ndi mlandu womwe ungamufikitse mwana kundende, banja n'kutsala ndi ngongole ya galimoto yomwe kulibenso.

Inu makolo, mwana wa zaka 24 amene wapeza yekha ndalama simungamulamule ngati wa sitandade 5. Mukamukalipira adzagula mobisa. Khalani naye pansi ndi pepala ndi cholembera, muwerengere limodzi mafuta, matayala, msonkho ndi inshuwalansi ya chaka chimodzi pa galimoto ziwirizo. Itanani amalume ake kapena dalaivala wakale wa lole amene amamulemekeza kuti amuuze zomwe adaona pamsewu. Ngati mukuthandizapo ndalama, muli ndi ufulu wonena kuti zanu zipita pa galimoto yofatsa basi.

Nanu achimwene ndi achemwali amene mtima uli pa liwiro, palibe akukuletsani kulota. Yendetsani yofatsa zaka ziwiri kapena zitatu. Muione mvula ya Januwale, fumbi la Okutobala, usiku wa pa M1 ndi tsiku la msika pa Lizulu. Mukadutsa zonsezi osagunda kanthu, ndipo thumba likukwanitsa matayala anayi atsopano popanda kupita kwa akatapila, kagulani Subaru yanuyo. Idzakhala ikadalipo, ndipo inu mudzakhala mukudziwa nthawi yoyenera kuchotsa phazi pamoto.